Mwini Nyumba Wogona Padenga

Tayerekezani m'mawa wamba wa mwezi wa Disembala kuno mumzinda wa Incheon. Kunja sikunayere, madzi aundana m'ngalande za mumsewu, ndipo basi yoyamba yangotsitsa anthu angapo pageti la sukulu yathu. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wamfupi wovala chijasi chofika m'mawondo, chikwama atachikoleka kumanzere chifukwa phewa lakumanja linatopa kalekale. Sakulowera khomo lalikulu ayi, akuzungulira kuseri, kukhitchini. Pamene ife aphunzitsi tikufika ndi makapu athu a khofi, iwo amakhala atatsuka kale mpunga wa sukulu yonse, atadula kabichi, nkhope itafiira ndi nthunzi.

Amenewo ndi Mayi Pyo Sun-deok. Ana onse amawatchula kuti Anti. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu yomweyi, ndipo ndawaona pazenera loperekera chakudya kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndine munthu wosachedwa kukhululuka. Mwana akaswa galasi la kalasi sindikweza mawu. Koma nkhani ya mayi awa ndikaiganiza, mtima umandiwawa mpaka lero.

Mayi Pyo sanakonzekere kudzagwira ntchito m'khitchini ya sukulu. Amuna awo ankagwira pafakitale ya zitsulo, ndipo atawachotsa ntchito anachita zimene amuna ambiri a msinkhu wawo amachita kuno: anatenga ndalama zotsazikirana, nawonjezera ngongole ya kubanki, n'kutsegula sitolo ya nkhuku zokazinga. Mumsewu womwewo munali kale masitolo ena atatu a nkhuku. Sitoloyo inagwa, ndipo pasanapite nthawi mwini wake anagwanso, matenda a mtima. Mayi Pyo anatsala ndi mwana wamkazi, miphika yamafuta yosagulika, ndi ngongole. Anali ndi zaka makumi anayi pamene anayamba kuvala nsapato zamphira za kukhitchini kwathu.

Mavuto awo anali atatu, ndipo ankawadziwa bwino. Ngongole ya nkhuku inkafuna zake mwezi ndi mwezi. Penshoni yawo inali yoonda, chifukwa zaka zonse zimene anakhala pakhomo akulera mwana sanaperekepo kanthu. Lamulo limalola munthu kulipirira zaka zodumphidwazo, koma ndalama yake siyochepa. Chachitatu chinali maloto awo: kanyumba kamodzi kochititsa lendi, koti akadzakalamba asamadzatambasulire dzanja mwana wawo, yemwe anakwatiwa kutali ku Busan ndipo naye ali ndi ake omuvuta.

Tsiku lina ndikudya mochedwa, anandifotokozera pogwiritsa ntchito mbale yachitsulo ya zigawo imene ana athu amadyera.

"Onani, aphunzitsi. Apa pa mpunga ndi penshoni. Apa pa msuzi ndi ngongole ya malemu. Kakang'ono aka ka kimchi, kabichi wathu wowawasa uja, ndi ka nyumba. Malipiro akabwera ndimagawa choncho. Bola msuzi usasefukire mu mpunga."

"Nanga inu mumadya pati?" ndinawafunsa.

"Ine? Ine ndimadya zotsala za ana anu osankha zakudyawa!" anaseka.

Anayenda choncho zaka khumi ndi zisanu. Ngongole inkatsika pang'onopang'ono ngati madzi a m'beseni lobooka ndi singano. Ndalama yolipirira zaka za penshoni inali itatsala pang'ono kukwana. Ya nyumba ndiyo inkawakhumudwitsa, chifukwa iwo akasunga miliyoni imodzi, mitengo ya nyumba inkakwera ndi khumi.

Apa ndi pamene analowerera mlamu wawo, a Tak Gwang-su, mng'ono wake wa malemu, ejenti wa nyumba wokhala ndi ofesi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Nkhaniyo anaiyambitsa pa mwambo wokumbukira malemu, mbale za nsembe zisanachotsedwe n'komwe, iwo akusenda peyala lomwe linali patebulo la mkulu wawo.

"Alamu, mukadasunga ndalama kubanki ngati gologolo? Anzanu akukwera pachikepe, inu mukukwawa pamasitepe ndi mawondo anuwo."

"Ndalama yogulira nyumba ndiitenga kuti, alamu?"

"Ndani wanena kuti mugula ndi ndalama zanu? Wogula ndi wa lendiyo!"

Zimene ankanena si zachilendo kwa aliyense wa ife. Kuno ambiri salipira lendi mwezi ndi mwezi. Wofuna nyumba amapereka kwa mwini wake chikole chachikulu, chimene timati jeonse, amakhalamo zaka ziwiri osalipiranso kanthu, ndipo potuluka amabwezeredwa chonse. A Tak anali ndi nyumba ya kasitomala wawo, ya zipinda ziwiri pansanjika yachinayi, yogulitsa mamiliyoni 180 a mawoni, ndalama zathu za kuno. Wa lendi akanapereka chikole cha 160. Mayi Pyo anangofunika kuwonjezera 20 ndi msonkho, basi, nyumba yawo.

"Nanga zaka ziwiri zikatha, mwini chikole akachifuna?"

"Amalowa wina, amabweretsa chake, mumapatsa wotulukayo. Ndipo chikole chimakwera, chotsalacho n'chanu. Dziko lonse likuyenda choncho, alamu. Mukufuna mudzafe mukununkha supu ya ana a eni?"

Ya nyumba yokha sinkakwana. A Tak anawalangiza kuti atenge ija ya penshoni, "mudzabweza chikole chikakwera," ndiponso kuti apemphe kubanki azilipira chiwongoladzanja chokha pa ngongole ya nkhuku. Mayi amene anasunga dongosolo lawo zaka khumi ndi zisanu analiphwasula pa mwezi umodzi. Sindiwaweruza. Ngakhale m'chipinda chathu cha aphunzitsi, masiku amenewo nkhani inali yomweyo pa tiyi aliyense, ndipo amene sanagule ankaonedwa ngati wogona. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti mayi wodyetsa ana mazanamazana tsiku lililonse anafika poona kuti njira yokhayo yokalambira mwaulemu ndi kutchova juga. A Tak anatenga komishoni yawo kwa wogulitsa, kwa mlamu wawo, ndiponso kwa wa lendi.

Wa lendiyo anali Seol Ha-eun, mwana amene ndinamuphunzitsa zaka zitatu, wamanyazi, wokonda kukhala pafupi ndi zenera. Panthawiyo anali atangokwatiwa kumene, akugwira ntchito kwa dokotala wa mano, mwamuna wake akuyendetsa galimoto yoperekera katundu. Anali atayendera nyumba zingapo akuopa eni ake osawadziwa. Ataona amene abwera kudzadinda pangano mu ofesi ya a Tak, anadzuka pampando.

"Anti! Ndi inu eni nyumba? Mukundikumbukira? Munkandiwonjezera dzira pamene mayi anga anali m'chipatala!"

Ha-eun anadinda osawerenganso tsamba lachiwiri. Chikole chake chinali ndalama zimene makolo a mbali zonse anasonkha, ndi ngongole yaikulu ya kubanki pamwamba pake.

Zaka ziwirizo zisanathe, mphepo inatembenuka. Chiwongoladzanja chinakwera, ndipo nkhani zinamveka za eni nyumba othawa ndi zikole za achinyamata. Anthu anayamba kuopa tinyumba ta mtundu umenewu. Amene ankabwera kudzaona ya Mayi Pyo ankanena 120, ena kuchepera apo. Kuigulitsa nakonso kunalibe wogula.

Mu Januwale, sukulu ili pa tchuthi koma ena tikubwera kudzathandiza ana otsalira m'maphunziro, Ha-eun anagogoda pachitseko cha chipinda cha aphunzitsi. Anali ndi pakati pooneka. Ndinamukhazika pafupi ndi chotenthetsera, n'kumuthirira tiyi wa balere, ndipo ndinadikira monga ndinkachitira ali mwana, mpaka atayamba yekha.

"Aphunzitsi, tinapeza nyumba pafupi ndi mayi anga, kuti adzandithandize mwana akabadwa. Tinapereka kale gawo loyamba la chikole. Chotsalacho chikufunika pa tsiku losamuka, kumapeto kwa Febuluwale. Tikalephera, zimene tinaperekazo zapita."

"Pangano lako ndi Anti likutha liti?"

"Tsiku lomwelo. Koma a Tak andiimbira. Akuti Anti anena kuti ndidikire mpaka papezeke wina wobweretsa 160. Akuti mwina chaka."

"Walankhula nawo Antiwo?"

Anaweramitsa mutu. "Ndingayambe bwanji? Ndi akuluakulu. Anandidyetsa. Mwamuna wanga akuti tipite kukhoti, ine ndamuuza kuti akatero ndibwerera kwathu. Mwina tingodikira, aphunzitsi."

Mwana ameneyu anali wokonzeka kutaya ndalama za makolo ake chifukwa cha ulemu umene ife tomwe tinamuphunzitsa. Ndinamuuza kuti amalize tiyi wake apite kunyumba, ndipo ine ndinatsikira kukhitchini.

Ndinawapeza Mayi Pyo akukwecha mphika waukulu wa msuzi, theka la thupi lili m'katimo. Nditawafotokozera, anatuluka pang'onopang'ono, navula magolovesi.

"Ine ndanena zimenezo? Liti?"

"Ndi zomwe wauzidwa."

"Alamu anandiuza kuti mwanayo wapempha yekha kuwonjezera chaka. Ndinapuma ndi mtima wonse, aphunzitsi. Ndinamugulira ngakhale timalaya ta khanda." Anayang'ana anzawo a m'khitchini. "Achemwali, malizitsani mphikawu. Aphunzitsi, tiyeni. Ndikapita ndekha ndikamumenya ndi chipande."

Tinawapeza a Tak akudya mbatata yootcha, mapazi ali pa chotenthetsera. Atationa anamwetulira.

"Alamu! Mwabwera ndi loya?"

"Mwamuuza chiyani mwana uja?"

"Ndamuuza zimene eni nyumba onse akunena chaka chino. Wina akalowa, iye atuluka. Ndi mwambo wake."

"M'dzina langa?"

"Ndakuthandizani! Khalani pansi, alamu, mumve. Muli ndi mwayi umene ena alibe. Makasitomala anga ena akukokedwa kukhoti ndi ma lendi olusa. Wanuyu amakupembedzani. Sangakusumireni ngakhale mutamusunga zaka zitatu. Mungomutumizira kimchi pang'ono, mumufunse za mimbayo, nkhani yatha."

Ine ndaphunzitsa za mafumu ankhanza ndi okhometsa msonkho a makedzana, koma sindinamvepo mawu onyansa onenedwa mofatsa choncho, munthu akupukuta mbatata pakamwa. Ndinalephera kudzigwira.

"A Tak, mwanayo ataya ndalama zimene wapereka kwinako."

"Aphunzitsi, inu penshoni yanu ikukudikirani ngati basi ya sukulu. Musatiphunzitse ife oyenda pansi. Achinyamata amagwa n'kudzuka. Alamu angawa akagwa adzadzutsidwa ndi ndani? Inu?"

Pamenepo pokha sananame. Mayi Pyo ndi amene analankhula.

"Zikuperewera zingati?"

"Makumi anayi. Muli nazo? Mwazibisa m'mphika?"

"Imbirani uja wa 120. Muuzeni alowe pa tsiku lomwelo."

"Mwapenga, alamu?"

"Ndinapenga tsiku lija munkadya peyala la akulu anu. Lero ndachira. Imbani."

Tili panja, pamalo odikirira basi, ndinawafunsa komwe akatenge mamiliyoni makumi anayi. Kubanki sakanawapatsa, ngongole ya nkhuku ikadalipo. Sanafune n'komwe kuti mwana wawo wa ku Busan amve. Basi imodzi inadutsa, kenako anati:

"Inenso ndine wa lendi, aphunzitsi."

Zinalidi choncho. Nyumba imene ankakhala, ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, anailowa ndi chikole chimene anaunjika kuyambira amuna awo ali moyo. Chinali chinthu chokhacho chimene sitolo ya nkhuku sinadye. Anaganiza zotuluka, atenge chikolecho, ampatse Ha-eun, iwo akapeze kachipinda kolipira mwezi ndi mwezi. Mwini nyumba wawo anavomera malinga atapezeka wolowa, ndipo anapezeka. Chikolecho chinkaperewerabe pang'ono. Amayi a kukhitchini ali ndi chipereganyu chawo, ndipo amene inali nthawi yake yolandira mwezi umenewo, yemwe ankafuna kuikitsa mano, anasinthana ndi Mayi Pyo. "Ndatafuna ndi mbali imodzi zaka zisanu," anatero, "miyezi ingapo sindifa nayo."

Ha-eun atamva anathamangira kukhitchini akulira, kuti sangalole Anti atuluke m'nyumba chifukwa cha iye. Mayi Pyo anamukalipira pamaso pa onse.

"Iwe, ndalamazo ndi zako kapena zanga? Ukulira chiyani ngati ndikukupatsa mphatso? Pukuta mphuno, udzabereka mwana wolira ngati iwe."

Tsiku losamuka linali limodzi mwa masiku aja amene akuluakulu amati mizimu yoipa siyendayenda, choncho mzinda wonse unkasamuka. Aliyense amene anasamukapo kuno akudziwa mmene zimakhalira: ndalama imayenda ngati ndowa yopatsirana pozimitsa moto, ndipo mmodzi akachedwa onse aima. Wolowa m'nyumba ya kuseri kwa msika anayenera kulipira mwini nyumbayo, iye abwezere Mayi Pyo, Mayi Pyo aphatikize ndi za wa lendi watsopano n'kupatsa Ha-eun, ndipo Ha-eun atumize kwa mwini nyumba wake watsopano, yemwenso anali ndi womudikira.

Ndinapita nawo ku ofesi ya a Tak kuti ndikakhale pafupi ndi Ha-eun. Katundu wake anali atatsitsidwa kale pazenera ndi galimoto ya makwerero, ndipo onyamula katundu ankasuta panja, akugogoda mawotchi awo. Wa 120 analipira m'mawa. Koma banki ya wolowa m'nyumba ya kuseri kwa msika uja inachedwa kutulutsa ngongole yake. Dzuwa linafika pamutu, foni ya Mayi Pyo ili zii. Mwini nyumba watsopano wa Ha-eun anaimba kawiri, ulendo wachiwiri akukuwa moti tonse tinamva. Ha-eun anagwira m'mimba ndi manja onse.

A Tak anawerama kwa mlamu wawo, koma mawu awo sanali otsika. "Nthawi ikadalipo. Zikabwera, musatumize zonse. Mpatseni 120, zanu musunge. Mukagona kuti ndi phewa lanulo, padenga?"

"Alamu, mbatata yatha? Ikani china pakamwapo."

Foni inalira cha m'ma thuu koloko. Mayi Pyo anavala magalasi, nampatsa Ha-eun foniyo kuti awerenge yekha manambala a akaunti yake. Anadina. Patapita kamphindi foni ya Ha-eun inalira, iye n'kutumiza kwinako pompo. Onyamula katundu anazimitsa ndudu. A Tak anakankhira patsogolo pa mlamu wawo pepala la komishoni ya pangano latsopano, osachotserapo ngakhale woni imodzi, ndipo Mayi Pyo analipira.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinawathandiza kukweza mabokosi kuchipinda chawo chatsopano. Ndi kachipinda komangidwa pamwamba pa denga la nyumba ya nsanjika zitatu, pambali pa thanki ya madzi, kozizira ngati firiji m'nyengo yachisanu, kotentha ngati uvuni m'chilimwe. Kabati yaikulu ya ukwati wawo sinakwane pakhomo, ndipo anaisiya pamsewu ndi chipepala cha otola zinyalala. Tinayala nyuzipepala pansi n'kuitanitsa jajangmyeon, chakudya chonga supageti chothira msuzi wakuda, monga amachitira aliyense pa tsiku losamuka. Ndinawauza kuti sichilungamo kuti mwini nyumba ya zipinda ziwiri azigona padenga la munthu wina, pamene amene anawakankhira m'dzenjemo wadya komishoni kanayi.

"Sichilungamo," anavomera, akusakaniza msuzi wakudawo. "Koma chidindo chinali changa, aphunzitsi. Palibe anandigwira dzanja. Idyani, zikuzizira."

Ine sindinafike pamtendere umenewo, ndipo sindikufuna kufikapo. A Tak ofesi yawo ikadali pomwepo, anaikanso chikwangwani chowala usiku. Achinyamata akadalowamo, ena mwa iwo ana anga a m'kalasi, ndipo ndikakumana nawo ndimawauza kuti awerenge tsamba lachiwiri ngakhale mwini nyumba atakhala mayi wawo wowabereka.

Kuyambira mwezi wotsatira kusamuka kuja Mayi Pyo anayambiranso kulipira ngongole yeniyeni osati chiwongoladzanja chokha. Loweruka ndi Lamlungu ankatsuka mbale pa holo ya maukwati, ndipo ndalama imeneyo inkapita ku zaka zija za penshoni, pang'onopang'ono. Za nyumba yachiwiri, a Tak atayesa kuitchula pa mwambo wa malemu chaka chotsatira, Mayi Pyo anawalanda mbale.

Mwezi watha anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo lamulo la ntchito yawo linawapumitsa, ngakhale penshoni siyamba kubwera mpaka patapita zaka zina. Pa mwambo wotsazikana panali mawu ochepa, maluwa, ndi bokosi la matawulo. Sabata yotsatira anayamba ntchito m'khitchini ya lesitilanti ya supu pafupi ndi doko. Akadagona padenga, ndipo nyumba ya pansanjika yachinayi ikadali m'dzina lawo, wa lendi wake wawonjezera pangano. Ngongole ya sitolo ya nkhuku anaimaliza mu Okutobala, ndipo zaka za penshoni zimene zinadumphidwa azilipira zonse kupatula ziwiri.